Kodi ndimulole mwana wanga kukasewera panja?

FUNSO: Ndimagulitsa tomato pa Saturday Market, ndipo ndimafika kunyumba dzuwa litalowa. Mwana wanga wamwamuna ali mu giredi 4. Akaweruka kusukulu ndimamuuza kuti adzitsekere m'nyumba aziwonera TV, poopa njinga zamoto ndi anzake opulupudza. Masiku ano sachedwa kupsa mtima, ndipo usiku tulo sabwera. Apongozi anga akuti ndikumuwononga. Kodi ndikulakwa?
Mayi wa ku Kapata

YANKHO: Mayi, mantha anuwo si achabe. Chipata wasintha, makamaka chikhalireni mzinda mu 2017. Malo ambiri amene ife tinkaseweretsapo fumbi pano ndi mapuloti, ndipo inenso ndimayang'ana uku ndi uku kangapo ndisanawoloke msewu wa ku Mwami. Komabe pa nkhaniyi ndili mbali ya apongozi anu.

Sabata yatha ndinaima kuseri kwa nyumba yanga ku Mchini kuonerera anyamata akupanga mpira wa mapulasitiki, wina akukulunga, wina akumanga ndi mphira. Atayamba kusewera anakangana koopsa: kodi mpira wadutsa pakati pa miyala iwiri ija kapena pambali? Wamkulu panalibe. Anaweruzana okhaokha, ndipo kamnyamata kamene kanalira kanapukuta misozi ndi malaya n'kubwerera pagolo. Ndinaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri, koma kuugwira mtima koteroko sindinakwanitsepo kukulemba pa bolodi. Mwana amakuphunzira kwa anzake. Chimodzimodzi atsikana pa chiyato, akuponya mwala m'mwamba kwinaku akuwerenga timiyala, masamu amenewo.

Za tulo zija, thupi lake silikutopa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azithamanga kapena kusewera mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 60 tsiku lililonse. Ngakhale maso amafuna kuwala kwa panja, chifukwa ana okhalitsa m'nyumba amayamba msanga vuto losaona patali.

Sindikuti mumutaye mumsewu ayi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, choncho kambiranani ndi amayi awiri kapena atatu oyandikana nawo, mupeze amene amakhala pakhomo masana. Sankhani malo amodzi kutali ndi msewu, kaya pabwalo la tchalitchi kaya pansi pa mtengo wa mango, ndipo anzake muwadziwe mayina ndi makomo awo. Muuzeni nthawi yobwerera, dzuwa lisanalowe.

Akabwera ali mbuu ndi fumbi mpaka m'makutu, kabudula atang'ambika, chonde musamukalipire. Mutenthetsereni madzi, ndipo akamadya nsima mumufunse kuti wagoletsa zingati.