Mwana akufuna kukonza mavairasi onyamula majini, bambo akufuna udokotala

Mtsikana wina amene wangolandira zotsatira za MSCE wandilembera kalata yodzaza nkhawa. Akuti anamva kuti asayansi akusintha mavairasi ogwira mabakiteriya, otchedwa phage, kuti azinyamula majini n'kukawalowetsa m'maselo a munthu, ndipo mtima wake uli pa ntchito imeneyi. Bambo ake akanitsitsa, akuti mwana wokhoza bwino Biology ndi Chemistry ayenera kukaphunzira udokotala ku KUHeS basi. Iye akufunsa ngati amvere kapena alimbikire zake.

Mwanawe, makalata otere amabwera chaka chilichonse zotsatira zikangotuluka, ndipo ndiyamba ndi zimene sungakonde kumva. Ntchito ukuifunayo sinafike m'chipatala. Mankhwala a majini ovomerezeka monga Luxturna wa 2017 ndi Zolgensma wa 2019 amadalira vairasi ya AAV, imene mwachibadwa imalowa m'maselo a anthu. Phage imadziwa khomo la bakiteriya lokha. Ubwino wake uli pomwepo, chifukwa singachulukane m'maselo athu ndipo imaswana mosavuta ndiponso motsika mtengo mu bakiteriya wotchedwa E. coli, koma vuto lakenso lili pomwepo. Kuti igwire selo ya munthu, asayansi amaiveka kachidutswa ka puloteni kunja kwake, luso limene George Smith anayambitsa mu 1985 ndipo linam'patsa mphoto ya Nobel mu 2018. Mu 2006, gulu la Renata Pasqualini ndi Wadih Arap ku chipatala cha khansa cha MD Anderson ku Houston, ku America, pamodzi ndi Amin Hajitou, linaphatikiza phage yooneka ngati ulusi ndi zidutswa za DNA ya AAV, n'kuiveka kachidutswa kofunafuna mitsempha yodyetsa chotupa cha khansa. Ngakhale zili choncho, ma phage ambiri akalowa m'selo amakodwa m'timatumba take n'kugayidwa, DNA isanafike pa nyukiliyasi, phata la selo limene limasunga majini. Anthu atha zaka zambiri akulimbana ndi chopinga chimenechi, akubwereza zoyesa pa maselo a m'mbale ndi pa mbewa, ndipo iyi ndiyo ntchito yeniyeni imene ukupempha.

Ngati ukuifunabe, njira imene ndimaikhulupirira ndi ya microbiology ndi molecular biology. Yang'ana Medical Microbiology ku MUST ku Thyolo, Medical Laboratory Science ku KUHeS, kapena Biology ku UNIMA ku Zomba. Dzina la digiri lisakutangwanitse kwambiri, chofunika ndi chimene manja ako adzadziwe: kulera mabakiteriya pa agar (chakudya chawo chonga phala louma) popanda kuipitsa mbale, kuyendetsa PCR (njira yochulukitsira DNA), kudula ndi kulumikiza DNA mu plasmid (kamphete ka DNA kopezeka m'mabakiteriya), ndi kusunga maselo amoyo kwa milungu. Pa tchuthi uzikagogoda kumalo ofufuza monga Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre, ngakhale akuyambitse pa kutsuka mabotolo. Ndikuuzenso kuti ma phage amapezeka m'madzi a zimbudzi, ndipo kuwapatula sikulira zipangizo zodula, choncho pulojekiti ya chaka chomaliza yofufuza ma phage opha mabakiteriya osamva mankhwala, vuto limene zipatala zathu zikulimbana nalo, ingakutsegulire khomo. Zosintha phage kuti inyamule majini udzazipeza pa Masters ndi PhD kunja, m'malabotale ngati ya Hajitou ku Imperial College London, ndipo thandizo la maphunziro la Commonwealth kapena la Beit limafuna digiri yokhoza bwino kwambiri.

Inu bambo, ndikupempheni musiye kuyesa nzeru za mwana ndi jekete loyera la dokotala. Udokotala ndi ntchito yolemekezeka, koma umaphunzitsa kuona odwala, ndipo mwana wokakamizidwa amatha zaka zonsezo mtima uli kwina. George Smith yemweyo sanali dokotala wa odwala. Nkhawa yanu ya ntchito ndikuimva, koma wophunzira za labotale amatha kulembedwa ntchito m'chipatala kapena m'mabungwe ofufuza pamene akudikira maphunziro apamwamba.

Iwenso mwanawe sindikusiya. M'kalata yako yonse sunatchule chilichonse chimene wawerenga kupatula kanema mmodzi wa pa foni, ndipo zimenezi sizokwanira kutsutsana nazo ndi makolo. Tenga buku la Biology, umvetse bwino mmene jini imasandukira puloteni, kenaka uwafotokozere bambo ako m'Chichewa mpaka amvetse. Ukatha kutero, lemba microbiology pa fomu ya NCHE, ndipo udzandilemberenso m'chaka chachiwiri, utaona ndi maso ako timabowo timene phage imasiya pa mbale ya mabakiteriya.