Kodi ntchito ya ku khonsolo ndi yolanda katundu wa amphawi basi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene amawerenga zomwe ndimalemba kuno. Ndachedwa kuyankha chifukwa funso lake linandikumbutsa zambiri. Mwachidule, iye analemba kuti: "Achemwali, ndaitanidwa kukayamba ntchito ku khonsolo, yoonetsetsa kuti anthu akutsatira malamulo a khonsoloyo. Ndatha zaka ziwiri ndikusaka ntchito, koma mayi anga sakukondwa nazo. Akuti imeneyo ndi ntchito yolanda katundu wa amphawi ndipo anthu adzanditemberera. Kodi ntchitoyi imakhala yotani kwenikweni? Munthu angaigwire n'kumagona tulo?"

Mng'ono wanga, mayi anu sakunama. Zimene akunenazo anaziona ndi maso awo: lole ya khonsolo itaima pakona, anthu akubalalika, katundu akuponyedwa m'mwamba ngati zinyalala. Ine ndinagwirapo ntchito imeneyi kwa zaka zingapo, ndipo lole yotere ndinakwerapo. Choncho sindikunyengererani. Koma zimene mayi anaonazo ndi kachigawo kamodzi ka ntchitoyi, kamene kamaonekera kwambiri, ndipo ngakhale kameneko kali ndi njira yake yoyenera yogwirira.

Tiyambe ndi komwe malamulowa amachokera, chifukwa ambiri amalowa ntchitoyi osadziwa. Nyumba ya malamulo ndi imene imakhazikitsa makhonsolo, n'kuwapatsa mphamvu yopanga malamulo ang'onoang'ono okhudza dera lawo, aja ambiri amangowatcha ma by-law. Makhansala amakambirana n'kuvomereza, ndipo m'maiko ambiri lamulolo liyenera kuyamba lalengezedwa, kwina mpaka kusainidwa ndi nduna, lisanayambe kugwira ntchito. Lamulo la khonsolo silingaposere lamulo lalikulu limene linalibereka. Inuyo simudzapanga lamulo, simudzaweruza mlandu, ndipo simudzakhala wapolisi. Mphamvu zanu zonse zidzakhala zolembedwa penapake, ndime ndi ndime. Chimene sichinalembedwe kuti mungachite, simungachite, ngakhale mutavala yunifolomu yowala bwanji.

Tsiku lenileni la ntchito limayamba ndi madandaulo. Wina wamanga n'kutayira mchenga m'ngalande, mvula ikagwa madzi akulowa m'nyumba za anzake. Malo omwera mowa akuliza zoimbira mpaka mbandakucha pafupi ndi anthu amene akudzukira ku ntchito. Agalu olekerera aluma mwana. Munthu akuwonjezera chipinda chosanja popanda mapulani ovomerezeka. Malo ophikira alibe madzi osamba m'manja, laisensi yawo inatha chaka chatha. Mudzayenda kwambiri, mudzalemba kwambiri, ndipo mudzamvetsera anthu awiri oyandikana nyumba aliyense akulumbira kuti wolakwa ndi mnzake.

Ntchito imeneyi inabadwa chifukwa cha maliro. Ku England, lamulo la zaumoyo la mu 1848 linapereka mpata woti matauni azikhala ndi ofisala woyendera zinthu zonyansa ndi zosowetsa anthu mtendere, nthawi imene kolera inkapulula anthu m'mizinda. Mu 1854, kolera itabuka ku Soho mu London n'kupha anthu oposa 600, dokotala John Snow anatsata nyumba za omwalirawo n'kupeza kuti ambiri ankatunga madzi pa mjigo umodzi wa mu Broad Street. Amene anachotsa chogwirira cha mjigowo anali akuluakulu oyang'anira deralo, atamva umboni wake. Ndimakonda kukumbukira nkhani imeneyi chifukwa tsiku limenelo panali anthu amene anabwera ndi ndowa zawo, n'kupeza mjigo wotsekedwa, n'kubwerera akutukwana. Mudzakumana nawo anthu otere. Amene mwamuteteza sadziwa kuti mwamuteteza, pomwe amene mwamuletsa amakudziwani nkhope ndi dzina.

Cholinga cha ntchitoyi n'chakuti cholakwikacho chikonzedwe. Chindapusa ndi chida chabe. Ofisala wodziwa ntchito amakwera makwerero pang'onopang'ono. Amayamba wadzitchula, kuonetsa chiphaso chake, n'kufotokoza lamulo ndi chifukwa chake. Anthu ambiri amathera pomwepa, poti ambiri sanadziwe n'komwe kuti akulakwa. Akapanda kusintha, pamabwera kalata ya chenjezo yonena cholakwikacho, ndime ya lamulo, choyenera kuchita ndi tsiku lomaliza. Tsikulo likakwana ofisala amabwereranso, ndipo apa m'pamene ambiri timalephera, chifukwa chenjezo limene silitsatiridwa limaphunzitsa dera lonse kuti makalata a khonsolo ndi mapepala wamba. Chindapusa, kutseka malo ndi kupita ku khothi zimabwera kumapeto, kupatula pamene moyo wa anthu uli pachiswe. Khomo lothawirapo moto likakhala lokhomedwa ndi loko m'holo yodzaza anthu, palibe za masiku khumi ndi anayi. Loko ameneyo amachoka inu muli pomwepo.

Tsopano za kulanda katundu, zimene zikuwawa mayi anu.

M'chaka changa choyamba tinapita kukachotsa ogulitsa malonda pamalo oletsedwa. Panali bambo wina wachikulire amene ankagulitsa machaja ndi zingwe za foni, zonse atazipachika pa thabwa lokhomedwa misomali. Sanathawe, mwina miyendo sinkamulola. Ndinamulanda thabwalo n'kulipereka kwa anzanga pa lole, osalemba kanthu. Patapita masiku atatu anabwera ku ofesi atalipira chindapusa, lisiti lili m'manja. Tinakamutengera thabwa lake kosungira katundu. Analiimika pakhoma, n'kuyamba kuwerenga misomali yopanda kanthu ndi chala, umodziumodzi, milomo ikugwedera. Theka la katunduyo kunalibe. Sanakalipe. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, munatenga ndinu." Ndinalibe choyankha, chifukwa panalibe pepala losonyeza zimene ndinatenga, amene ndinamupatsa, kapena amene anasunga. Sindinabe chingwe ngakhale chimodzi, koma khomo lakubalo ndinatsegula ndine.

Kuyambira tsiku limenelo sindinalolenso katundu wa munthu kukwera galimoto ndisanawerenge pamaso pa mwiniwake, kulemba chilichonse, iye kusaina, ine kusaina, n'kumupatsa pepala lake lonena komwe akamupeze ndi zoyenera kuchita. Zimachedwetsa, ndipo anzanu ena adzakuonani ngati mukuwatayitsa nthawi. Alekeni. Katundu wolandidwa akadali wa mwini wake, khonsolo ikungomusungira. Ndipo musamathamangitse munthu. Wothawa sayang'ana msewu, ndipo palibe lamulo la khonsolo limene chilango chake ndi kugundidwa ndi galimoto.

Dziko lapansi linaona kale kukula kwa nkhani imeneyi. Pa 17 December 2010, ku Sidi Bouzid m'dziko la Tunisia, maofisala a tauni analanda katundu ndi sikelo ya Mohamed Bouazizi, mnyamata wa zaka 26 amene ankagulitsa malonda pangolo. Anapita ku ofesi ya bwanamkubwa kukadandaula koma sanamumvere. Anadziotcha pamaso pa ofesiyo, ndipo anamwalira pa 4 January 2011. Patangotha masiku khumi, pulezidenti Ben Ali, amene analamulira zaka 23, anathawa m'dzikomo. Zifukwa za mkwiyo wa anthu a ku Tunisia zinali zambiri, koma moto unayakira pa ofisala ndi wogulitsa malonda ataimirirana pamsewu. Kwa munthu wamba, boma ndi amene waima patsogolo pakeyo. Katswiri wina wa ku America, Michael Lipsky, analemba mu 1980 kuti ogwira ntchito za boma amene amakumana ndi anthu maso ndi maso ndi amene amapanga ndondomeko yeniyeni ya boma, kudzera m'zosankha zawo za tsiku ndi tsiku. Ine ndinaziona zikuchitika ndisanazimve n'komwe kuti zinalembedwa.

Komabe mng'ono wanga, chimene ndikufuna mumve kwambiri ndi ichi. Mayeso enieni a ntchitoyi sadzabwera ndi wogulitsa machaja. Adzabwera tsiku limene mudzaime pa geti ya munthu wandalama amene akumanga mosemphana ndi mapulani, mlonda n'kukuuzani kuti abwana ati mudikire foni. Foniyo idzalira ndithu, ndipo woimbayo adzakhala wamkulu kwa inu. Adzalankhula mofatsa: "Zisiyeni kaye zimenezo, tikambirana." Anthu sadana ndi ofisala chifukwa chosunga lamulo. Amadana naye akaona kuti lamulolo limathamangira wosauka koma likafika pa geti yachitsulo limavula chipewa. Temberero limene mayi anu akuopa limachokera pamenepa.

Ndipo zolakwa za anthu akuluakuluzi ndi zimene zimapha anthu ambiri nthawi imodzi. Nyumba ya Rana Plaza ku Savar, pafupi ndi Dhaka m'dziko la Bangladesh, momwe munali mafakitale osoka zovala, inali ndi zipinda zosanja zimene zinawonjezedwa pamwamba popanda chilolezo. Ming'alu inaoneka pa 23 April 2013, koma m'mawa mwake osoka zovala anauzidwa kuti alowe agwire ntchito. Nyumbayo inagwa tsiku lomwelo, pa 24 April, n'kupha anthu 1,134. Ku Johannesburg, pa 31 August 2023, moto unapha anthu oposa 70 m'nyumba ya Usindiso, imene mwini wake inali khonsolo ya mzindawo. Kafukufuku amene anatsogolera jaji wopuma Sisi Khampepe anapeza kuti mzindawo unalephera kutsatira ndi kukhwimitsa malamulo ake omwe. Ndikawerenga nkhani zoterezi mtima umandiwawa, chifukwa ndimadziwa kuti nyumba zotere sizibisika. Anthu amazidutsa tsiku ndi tsiku.

Kodi ofisala wamng'ono angatani foni ija ikalira? Simungalimbane ndi bwana wanu pa foni, ndipo sindikukuuzani kuti mutaye ntchito sabata yoyamba. Chida chanu ndi cholembera. Lembani zimene mwaona, tsiku, nthawi, ndime ya lamulo, jambulani zithunzi, perekani lipoti kudzera m'njira yake n'kusunga kope lanu. Mukauzidwa kuti musiye, yankhani mwaulemu kuti, "Chabwino bwana, mundilembere kuti ndiike m'failo." Malangizo ambiri okhota amafera pomwepo, chifukwa owapereka safuna dzina lawo lioneke pansi pake. Ena sadzafa, ndipo nyumbayo idzamangidwabe inu mukuona. Zimapweteka. Koma mlandu suola, ndipo tsiku lofunsana likadzafika pepala lanu lidzakhalapo.

Za ziphuphu sindichulutsa mawu, mukuzidziwa kale. Zimabwera ngati chifundo: "Mwayenda padzuwa, landirani kangachepe aka." Mukalandira kamodzi, munthu ameneyo simudzamulemberanso chenjezo moyo wanu wonse, ndipo pofika mawa msewu wonse udzakhala utadziwa mtengo wanu. Zovuta kwambiri ndi za achibale ndi anzanu a kumpingo. Nkhani ikakhudza munthu amene mumadziwana naye, uzani bwana wanu apereke failoyo kwa wina. Imeneyo ndi njira yovomerezeka, ndipo imateteza ubale ndi ntchito yomwe.

Pali mbali ina imene saitchula kawirikawiri pophunzitsa anthu atsopano. Mukachotsa anthu pamalo lero, mawa abwerera, mkuja abwereranso, vuto silili m'makutu mwawo. Mwina msika umene anapatsidwa uli kutali ndi kumene kumadutsa ogula. Mwina anthu akutaya zinyalala m'ngalande chifukwa galimoto yotola zinyalala sinafike mwezi wathunthu. Inuyo ndi amene mudzazione zimenezi poyamba, makhansala asanazimve. Kuzilemba m'lipoti ndi kuzinena pamsonkhano ndi ntchito yanunso, yofanana ndi kulemba chindapusa. Khonsolo imene ikulipiritsa anthu chifukwa chotaya zinyalala pomwe sinawapatse potayira ikupempha ofisala wake kuti asenze chidani chimene sanachipange. Nenani zimenezo mwaulemu, mobwerezabwereza, ndi manambala a madandaulo m'manja.

Mudzisamalirenso. Kumalo kumene kuli mkangano musapite nokha, ndipo anthu akayamba kuunjikana mokwiya, bwererani. Mawa kuliko. Munthu akamakutukwanani, nthawi zambiri akutukwana yunifolomu ndi njala yake, choncho musabweze. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ambiri amene anandikalipira tsiku loyamba ndi amene pambuyo pake ankandiitana kuti ndidzaone kuti akonza.

Ndiye mwafunsa ngati munthu angaigwire n'kumagona tulo. Ine ndikuti inde, ndipo ndikukulimbikitsani kuti mukaiyambe. Masiku ena mudzafika kunyumba mtima uli wolemera, makamaka mukatseka malo amene mukudziwa kuti akudyetsa ana. Ine nkhope ya bambo wa machaja uja ndimaikumbukirabe. Koma mpando umenewo mukaukana sukhala wopanda munthu, ndipo ine ndingakonde pakhale munthu amene wayamba wafunsa funso ngati lanuli asanavale yunifolomu.

Tsiku loyamba mukafika, pemphani buku la malamulo a khonsoloyo, lanulanu, ndipo muliwerenge lonse ngakhale anzanu atakuuzani kuti mudzaphunzirira pamsewu. Funsani kuti mphamvu zanu zikulekera pati, katundu wolandidwa amasungidwa kuti ndipo makiyi amasunga ndani, komanso munthu wosakhutira ndi chigamulo chanu akadandaule kwa yani. Yankho la funso lomalizali muziuza munthu aliyense amene mwamulembera chindapusa, asanakufunseni. Mayi anu muwapatse moni wanga, ndipo mukatha mwezi woyamba mundilemberenso, ndimve kuti failo yanu yoyamba inali ya chiyani.