Funsani Akalaliki: Feteleza mmodzi, manambala atatu

FUNSO: Zikomo akalaliki. Ndimayang'anira nthambi ya ku Zomba ya kampani ina yaikulu yogulitsa zipangizo za ulimi. Likulu lili ku Blantyre, ndipo pansi panga pali masitolo a ku Songani, ku Jali ndi ku Thondwe. Mu Novembala likulu linakana kutitumizira feteleza wokulitsa, ati kompyuta yawo ikuonetsa kuti tidakali ndi matumba 400. A maakaunti kuno ankati 250. Wosunga katundu atawerenga anapeza 90. Palibe amene anaba: matumba 160 tinakongoza makalabu a alimi, ndipo 150 anagulidwa koma malisiti ake anali adakali m'katoni ku Jali. Pamene tinkamaliza kukangana, mvula inali itagwa ndipo alimi anali atagula kwina. Tsopano mabwana akufuna kugula sisitimu yodula yochokera kunja. Kodi itithandiza? Ndine mayi wodandaula, ku Chinamwali.

YANKHO: Mayi, auzeni mabwanawo adekhe kaye ndi cheke chawocho. Sisitimu itha kuthandiza, koma ikabwera mawa lino, idzangokutulutsirani manambala atatu omwewo mwachangu.

Onani bwino. Pa anthu atatu aja palibe amene ananama. Wosunga katundu amati thumba lachoka likangodutsa pakhomo. Wa maakaunti amati lachoka ndalama ikalowa, n'chifukwa chake matumba a ngongole iye amawaona ngati adakalipo. Likulu limati lachoka lisiti likalowetsedwa mu kompyuta, ndipo lisitilo likugona m'katoni kudikira galimoto ya kumapeto a mwezi. Aliyense akulondola m'buku lake. Koma bwana amene amasankha kuti lole ipite ku Zomba kapena ku Mangochi amaona buku limodzi lokha, loyandikira tebulo lake, ndipo mwatsoka ndi lomwe limachedwa kwambiri kumva nkhani. Iye anachita zanzeru ndithu potengera zimene ankaona. Mukanakhala inu, mukanatumiza lole kwa munthu woti ali ndi matumba 400?

Ine ndinagwirapo ntchito ya maakaunti pa kampani ina ya zogulitsa, ndipo chimene chinkatidyera nthawi sichinali masamu ayi, anali mayina. Feteleza yemweyo wina amalemba NPK, wina 23:21, wina "wokulitsa", ndipo kompyuta imayesa kuti ndi katundu wa mitundu itatu. Makasitomala ndiye musanene. Kalabu imodzi imalembedwa ndi dzina lake ku Songani, ku Thondwe n'kulembedwa m'dzina la wapampando, pa Mpamba n'kuoneka nambala ya foni ya msungichuma. Mukafunsa kuti kalabu imeneyi ili ndi ngongole yochuluka bwanji, aliyense amakupatsani chidutswa chake. Ndinaona ndi maso anga munthu akukongozedwa kachiwiri pa sitolo ina pamene pa sitolo inzake ankamusaka ndi kalata ya ngongole. Kalatayo inali pa tebulo la kalaliki, itapanidwa ndi sitepula, mtunda wosakwana ola limodzi pa minibasi.

Ndiye ntchito yoyamba si ya anthu a makompyuta. Khalani pansi inu, wa maakaunti, wosunga katundu ndi munthu wa kulikulu, mugwirizane kuti katundu aliyense akhale ndi nambala yake imodzi m'masitolo onse, kasitomala aliyensenso chimodzimodzi. Pa makasitomala boma linakufewetserani kale: mu 2017 National Registration Bureau, nthambi ya boma yopereka ziphaso za unzika, inalembetsa anthu oposa 9 miliyoni, ndipo nambala ya pa chiphaso cha unzika sisintha ngakhale munthu alembe dzina lake mosiyanasiyana. Kenako mugwirizane kuti thumba likatuluka m'nkhokwe latuluka basi, kaya ndi pa ngongole kaya ndi pa kashi. Ngongoleyo ikhale ndi mzere wake.

Chachiwiri ndi nthawi. Nambala ya katundu ikagona masabata atatu yatha ntchito, makamaka pa malonda anu amene chaka chonse chimapindulira pa masabata ochepa a kudzala. Wa ku Jali asadikire galimoto. Madzulo aliwonse potseka atumize manambala atatu, zolowa, zotuluka ndi zotsala, ngakhale pa uthenga wa foni wamba ngati netiweki yavuta, ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwika ndi dzina amene amaziika pamalo amodzi pomwe inu ndi likulu mukuona nonse. Kumbukirani Novembala wa 2023, pamene Reserve Bank inagwetsa kwacha ndi 44 peresenti. Kampani yoti mitengo yake ili m'mafayilo osiyana pa nthambi iliyonse, tsiku ngati limenelo imagulitsa pa mtengo wakale kwinaku likulu likuoda pa mtengo watsopano.

Pali china chimene anthu ogulitsa masisitimu sadzakuuzani. Manambala amabalalika chifukwa anthu ena amafuna abalalike. Amene ali ndi fayilo ya Excel yoimvetsa yekha amadziwa kuti sangachotsedwe ntchito wamba. Woyang'anira nthambi amene malonda ake atsika sathamangira kutumiza malisiti. Ndipo pamene mabuku awiri sayerekezedwa, wakuba amapeza khomo. Dziko lino linaphunzira zimenezi mowawa mu 2013. Boma linali nayo sisitimu yoyendetsera ndalama zake, yotchedwa IFMIS, koma anthu ankalipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse kenako n'kufufuta zolembazo mu kompyuta. Ofufuza mabuku a ndalama a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa pakati pa Epulo ndi Seputembala chaka chimenecho. Kukanakhala kuyerekeza mokhazikika zotuluka ku banki ndi zolembedwa m'mabuku a boma, macheke opanda mwini akanaoneka msanga. Kwanu simunabedwe ulendo uno, koma kusiyana kwa matumba 310 kumene munakhala nako osadziwa n'kokwanira kubisa lole yathunthu.

Musaganize kuti ndi vuto la ife tokha. Ku England mu 2020, bungwe la boma la zaumoyo linataya mayina a anthu pafupifupi 16,000 opezeka ndi COVID-19, chifukwa zotsatira zochokera ku malabu osiyanasiyana zinkasonkhanitsidwa mu fayilo ya Excel ya mtundu wakale yomwe imathera pa mizere 65,536. Zopitirira pamenepo zinkangogwa osaoneka, ndipo amene anakhudzana ndi odwalawo sanatsatidwe pa nthawi yake.

Mukayenda miyezi ingapo manambala a m'nkhokwe, a maakaunti ndi a likulu akugwirizana, pamenepo itanani ogulitsa sisitimu. Muwafunse ngati imagwira ntchito magetsi kapena intaneti zikathima n'kudzatumiza zikabwera, ngati imalandira malipiro a Airtel Money ndi Mpamba popanda wina kulembanso pamanja, komanso ngati malipiro ake a pachaka ali mu kwacha kapena mu dola. Ndipo popita kukaiona mutenge wosunga katundu wa ku Jali, chifukwa woigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi iyeyo, osati a bodi.

FUNSO: Akalaliki, pa ntchito pathu timajambula tsamba la buku la makasitomala n'kuponya pa gulu la WhatsApp kuti nthambi zonse zione. Si kugawana manambala komweko? Mnyamata wa ku Mpondabwino.

YANKHO: Ayi achimwene. Chithunzi sichiwonkhetsedwa, ndipo pakatha sabata chimakwiririka pansi pa mauthenga a maliro ndi moni wa m'mawa. Choopsa china n'choti tsambalo lili ndi mayina, manambala a foni ndi ngongole za anthu, ndipo wosiya ntchito amapita nazo mu foni yake. Kuyambira 2024 Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi zotere, Data Protection Act, ndipo oliyang'anira ndi a MACRA. Pa gulupo muziponya ziwerengero za katundu zokha. Mayina a makasitomala akhale m'fayilo imene ofunika okha ndi amene angatsegule.