Masitazi ya zachuma: gawo liti, nanga masamu bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina amene wangomaliza digiri yoyamba ya zachuma. Akufuna kupitiriza ndi masitazi, mwinanso kukafika ku PhD, koma wasowa pogwira: asankhe za chitukuko, za ndalama ndi mabanki, kapena za ntchito ndi malipiro? Kumapeto anawonjezera kamzere kakafupi: "Masamu ndimawaopa pang'ono." Achemwali, ndiyambira pa kamzere kameneko, chifukwa nkhani yanu yonse yagona pamenepo.

Kulikonse kumene mungapite, chaka choyamba aliyense amalowera pa zitseko zitatu: microeconomics (za zosankha za anthu ndi makampani pamsika), macroeconomics (za chuma cha dziko lonse) ndi econometrics (kuyeza za chuma pogwiritsa ntchito manambala). Mayinawa mukuwadziwa kale, koma zam'kati mwake n'zina. Pa digiri yoyamba munkajambula mizere iwiri yopingasana, wa ogula ndi wa ogulitsa, n'kuloza pamene yakumana kuti mtengo ndi uwu. Tsopano adzakufunsani kuti: mukudziwa bwanji kuti malo okumanirawo alipodi, makamaka misika ikakhala yambirimbiri ndipo uliwonse ukukoka unzake? Kenneth Arrow ndi Gerard Debreu anayankha funso limeneli ndi masamu mu 1954, ndipo inu mudzayenera kutsatira mapazi awo mzere ndi mzere.

Ine ndimakumbukirabe funso lina la homuweki limene linandidyera masiku atatu. Linali la mizere inayi basi, lokhudza banja limene likugawa ndalama zake pakati pa kudya lero ndi kusungira mawa. Mapepala anadzaza tebulo, ofufutafufuta okhaokha. Usiku wachitatu mnzanga wa m'kalasi anandilozera ndi pensulo pamalo amodzi pamene ndinasokoneza chizindikiro, ndipo zonse zinangotseguka. Kuyambira tsiku limenelo sindinawerengenso ndekha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo m'maphunziro awa mawuwa ndi oona kwambiri.

Choncho mantha anu ali ndi chifukwa, koma mankhwala ake alipo. Musanalowe, bwerezani nthambi zitatu za masamu, calculus, linear algebra ndi probability, mpaka dzanja lizolowere. Ngati mtima uli pa PhD, onjezerani real analysis, phunziro lophunzitsa kutsimikiza zinthu mwadongosolo. Mayunivesite ambiri amaitana ophunzira atsopano milungu ingapo teremu isanayambe kuti adzakumbutsane masamu okhaokha. Milungu imeneyo ndi yokumbutsa zimene mukudziwa kale. Munthu wokayambira pomwepo amavutika chaka chonse.

Mwa zitseko zitatuzo, chimene ndikukupemphani kuti muchigwire ndi manja awiri ndi econometrics. Ntchito yake yaikulu ndi kusiyanitsa zinthu zimene zangochitikira limodzi ndi zimene china chachititsadi chinzake. Mu Epulo 1992 boma la New Jersey ku America linakweza malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi lamulo kuchoka pa $4.25 kufika pa $5.05 pa ola. Pennsylvania, yoyandikana nayo, sinasinthe kanthu. Mabuku ankaphunzitsa kuti malipiro akakwera chotere, mabwana amachotsa anthu ntchito. David Card ndi Alan Krueger anafunsa malesitanti a zakudya zachangu oposa 400 mbali zonse ziwiri za malire, malipiro asanakwere komanso atakwera. Anayerekeza kusintha kwa ku New Jersey ndi kusintha kwa ku Pennsylvania, ndipo sanapeze kuti ntchito zachepa ku New Jersey. Pepala lawo linatuluka mu 1994 n'kuutsa mkangano umene sunatheretu mpaka lero, ndipo Card analandira nawo mphoto ya Nobel mu 2021.

Taonani kuti luso lomwelo likugwiranso ntchito ku gawo la chitukuko. Edward Miguel ndi Michael Kremer anafufuza za kupereka mankhwala a njoka za m'mimba m'masukulu a ku Busia, kumadzulo kwa Kenya. Masukulu analandira mankhwalawo mosinthana, ena poyamba ena pambuyo, choncho kunali kotheka kuwayerekeza. Anapeza kuti kujomba kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo ngakhale ana amene sanamwe mankhwala anapindula chifukwa matendawo anachepa m'dera lonse. Wina akufufuza malipiro, wina thanzi la ana, koma funso lapansi ndi limodzi: chikanachitika n'chiyani zikanakhala kuti sitinachite zimenezi?

N'chifukwa chake yankho langa pa funso la gawo ndi lakuti musathamangire. Magawo alipo ambiri: za misonkho ndi ndalama za boma, za malonda a pakati pa mayiko, za ulimi, za zaumoyo, za chilengedwe, za mpikisano wa makampani. Nthawi zambiri amasankhidwa munthu akadutsa zitseko zitatu zija, ndipo ambiri amasintha maganizo akalawa. Ngati mumakopeka ndi kukwera mitengo kwa zinthu, chiwongola dzanja ndi ntchito ya banki yaikulu, dziwani kuti macroeconomics ndi imene ili ndi masamu olemera kwambiri okhudza zinthu zosintha ndi nthawi. Ngati mumakonda kuganiza za khalidwe la anthu pamsika, werengani zimene George Akerlof analemba mu 1970 za magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito: wogulitsa amadziwa vuto la galimoto, wogula sadziwa, ndiye wogula amapereka mtengo wotsika, eni magalimoto abwino n'kuchoka pamsika. Ganizo losavuta kulifotokoza, koma linasintha mmene timaonera inshulansi ndi ngongole. Mukapeza funso limene likukusowetsani tulo, gawo lidzadziwika lokha.

Za masitazi ndi PhD, musazione ngati makwerero amodzi ongosiyana kutalika. Masitazi, imene ku Britain nthawi zambiri ndi chaka chimodzi ndipo m'mayiko ambiri a ku Ulaya ndi zaka ziwiri, imakupatsani zida zokagwirira ntchito m'boma, m'mabanki kapena m'mabungwe. PhD ndi kuphunzira ntchito ya kafukufuku. Ku America imatenga zaka 5 kapena 6, ndipo m'malo ambiri chaka choyamba chimatha ndi mayeso amene ukawalephera mobwereza ulendo umathera pomwepo. Pamapeto pake munthu amakafunira ntchito ndi pepala limodzi limene akuliona kuti ndi labwino koposa pa zonse zimene walemba. Apa dzina la yunivesite lili ndi ntchito, inde, koma mphunzitsi wokuyang'anirani ndi wofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Funsani ophunzira ake ngati amawerenga zimene amupatsa, ndipo amabweza patapita nthawi yaitali bwanji.

Musanatumize fomu iliyonse, chitani ichi. Ikani R, pulogalamu yowerengetsera manambala, pa kompyuta yanu, ndi yaulere. Manambala a Card ndi Krueger amapezeka pa intaneti. Atengeni, muwerengere nokha avereji ya antchito mbali zonse ziwiri, malipiro asanakwere ndi atakwera, muone ngati mufika pamene iwo anafika. Mukatero mundilemberenso, mundiuze pamene munakakamira komanso ngati munafuna kupitiriza.