Yankho kwa asuweni pa za ma TV atatu

Eee asuweni, funso lanu ndalimva, loti dikoda imodzi ingatumize bwanji chithunzi choyera cha HD ku ma TV atatu. Koma inu... ine ndimakudziwani. Mwatopa kulimbirana rimoti ndi agogo Loweruka masana, nenani zoona.

Dikirani kaye. Mukukumbuka amalume a ku Senga Bay, chaka chija anamanga zipinda za alendo kuseli? Anagula chingwe chakuda chija cha eriyo nkuchilumikiza pa kabowo ka RF kuseli kwa dikoda, kudutsa nacho kudenga mpaka chipinda chachinayi... ayi, chachitatu, chachinayi munali matumba a usipa. Masiku awiri munthu wamkulu ali pamakwerero, azakhali pansi akukuwa kuti tsikani muthyoka, iwo osamva. Chithunzi chinafika inde koma ngati kukugwa mvula, osewera osaoneka nkhope. Ndiye chinawapweteka mtima nchoti akasintha tchanelo pabalaza, alendo onse zawasinthira, mpaka mlendo wina anadzagogoda usiku atavala mpango wosambira kuti bwana bwezerani mpira. Pofika dzinja makoswe anali atachidula pawiri. Ndimawamvera chisoni mpaka pano, anavutika zedi.

Ndiye HD sidutsa pa RF paja. Mufunika kabokosi kotchedwa HDMI splitter, polowera pamodzi potulukira panayi, osati switch, mumve bwino, switch imachita zosemphana. Chingwe cha HDMI, chonyamula chithunzi cha HD kupita ku TV, chikapitirira mamita 15 chithunzi chimayamba kuthimathima, ndiye chipinda chanu chakutali chija pafunika ma extender awiri, timabokosi tothandiza HDMI kufika patali, ndi chingwe cha Cat6, chija cha intaneti, ambiri amafika mamita 50.

Koma tamverani apa, mmm... splitter imangogawa zomwe dikoda ikuonetsa basi. Agogo akaika mapemphero, ma TV onse atatu mapemphero. Inu mukufuna mpira kuchipinda kwanu iwo akupemphera pabalaza, ndiye chofunika ndi dikoda yachiwiri, a DStv amati XtraView, akaunti imodzi nkumawonjezera kandalama pamwezi.

Musataye ndalama pa splitter asuweni, mudzagogoda ngati mlendo wa amalume. Aliyense kuonera zake ndi dikoda ina. Ndabwerezatu, dikoda yachiwiri. Ndibwera Lamulungu tidzaone mbale yanu ya satelayiti ija, muwauze agogo andisungire kondowole.