Funsani a Ziweto: Galu Akamapalasa Miyendo Ali Mtulo

Galu wathu anabereka ana asanu milungu itatu yapitayo. Tianato tikagona timanjenjemera miyendo, timatafuna pakamwa popanda kanthu, nthawi zina timalira pang'ono. Apongozi anga akuti ndi khunyu, tisataye nato nthawi. Kodi n'zoona?
*Mayi wa ku Mponela*

Mayi, auzeni apongozi anu kuti mtima ukhale m'malo. Umu ndi mmene kagalu kathanzi kamagonera.

Tulo ta galu tili ndi magawo ngati ta munthu. Akangogona, thupi limakhala zii ndipo amapuma mwakachetechete. Pakatha mphindi pafupifupi 20, galu wamkulu amalowa gawo lotchedwa REM. Mukamuyang'anitsitsa muona maso akuyendayenda kunsi kwa zikope, kapumidwe kakusinthasintha, ndevu ndi zala zikugwedezeka. Apa ubongo umagwira ntchito ngati ali maso, ndipo munthu akadzutsidwa m'gawo limeneli nthawi zambiri amanena kuti amalota. Kuti thupi lisachite zimene zikulotedwazo, kachigawo ka m'munsi mwa ubongo kotchedwa pons kamafooketsa minofu. Michel Jouvet wa ku Lyon ku France anaonetsa zimenezi m'zaka za m'ma 1960: amphaka amene kachigawoka kanawonongedwa ankadzuka ali mtulo n'kumachita ngati akusaka. Mwa tiagalu kachigawoka kamakhala kasanakhwime, ndipo mwa agalu okalamba kamayamba kufooka, n'chifukwa chake magulu awiriwa ndi amene amaphiriphitha kwambiri. Onjezani kuti kagalu kamagona maola 18 mpaka 20 patsiku, pamene galu wamkulu amagona 12 mpaka 14, ndiye mumakaona kakuchita zimenezi pafupipafupi.

Kamene muyenera kuda nako nkhawa ndi kogona zii osagwedezeka, kozizira mukakagwira, kopatuka pa anzake, kapena kolira osaleka. M'milungu yoyamba kagalu sikatha kudzifunditsa kokha. Koteroko kafunditseni pang'onopang'ono pachifuwa panu kaye musanakayamwitse, chifukwa kagalu kozizira sikagaya mkaka.

Make nayenso muzimuyang'ana. Galu woyamwitsa akayamba kupuma wefuwefu, kunjenjemera ndi kuuma miyendo ali maso, mchere wa m'thupi wotchedwa kashiamu watsika m'magazi mwake. Vutoli limabwera kawirikawiri m'mwezi woyamba atabereka ndipo limapha m'maola ochepa akapanda kubayidwa jakisoni.

Galu wanga wa chaka chimodzi usiku wina anauma thupi lonse, anatuluka thovu kukamwa ndi kudzikodzera. Mnzanga akuti analota zoopsa. Ndingasiyanitse bwanji maloto ndi matenda?
*Bambo wa ku Chilomoni, Blantyre*

Bambo, amenewo sanali maloto. Galu wolota thupi lake limakhala lofewa, kugwedezekako kumabwera n'kupita, ndipo kawirikawiri sikudutsa theka la mphindi. Mukamuitana dzina amatsegula maso, n'kukuzindikirani nthawi yomweyo. Galu amene wagwidwa ndi khunyu amauma miyendo ndi khosi, amapalasa mwamphamvu osaleka, nsagwada zimalumana, dovu limachucha, ndipo ngakhale mukuwe bwanji sadzuka. Zikatha amadzandira, amagunda zinthu, mwina osakudziwani kwa mphindi zingapo kapena maola.

Zikachitikanso, yang'anani nthawi kaye. Chotsani mipando, mbaula ndi agalu ena pafupi, zimitsani wailesi, ndipo ngati n'kotheka jambulani pafoni kuti dokotala wa ziweto adzaone yekha. Dzanja, supuni kapena kamtengo musaike m'kamwa mwake. Galu sameza lilime lake, koma chala chanu akhoza kuchiphwanya. Musamumwetsenso madzi, mkaka kapena mafuta ophikira asanatsitsimuke, chifukwa zimalowera m'mapapo. Kukomokako kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwera kawiri pa tsiku limodzi, thamangirani naye kwa dokotala, popeza thupi limatentha kwambiri ndipo ubongo umawonongeka.

Zoyambitsa zake n'zosiyana. Khunyu lobadwa nalo limaonekera koyamba galu ali pakati pa miyezi 6 ndi zaka 6, choncho wanuyo ali m'gulu limeneli, ndipo mankhwala omwa tsiku ndi tsiku alipo. Poizoni, monga Temik amene akuba amathira mu nyama, amagwira mwadzidzidzi: dovu lambiri, kusanza, kutsekula m'mimba, timaso takuda kuchepa kwambiri. Kagalu kakang'ono kodzaza njoka za m'mimba kapena kamene kakhala ndi njala shuga amatsika. Kameneko kapakeni uchi kapena shuga wosungunula m'nkhama muli pa ulendo wopita kwa dokotala. Ndiye pali distemper, matenda opatsirana a agalu amene amayamba ndi manthongo, mamina ndi chifuwa, kenako galu amachita ngati akutafuna chingamu, kapena mwendo umodzi umangodumphadumpha mofanana usana ndi usiku, ali maso ngakhale ali mtulo. Uyu ndi amene amasokoneza anthu kwambiri. Alibe mankhwala ochiza, koma katemera wake amagwira ntchito: woyamba pa milungu 6 mpaka 8, kenako pakatha milungu 3 kapena 4 iliyonse mpaka kagalu katakwana milungu 16.

Mwana wanga anagwedeza galu wathu amene amalira ali mtulo, galuyo n'kumuluma padzanja. Kodi wayamba ukali?
*Mayi wa ku Luwinga, Mzuzu*

Mwina ayi, Mayi. Galu wodzidzimutsidwa pakati pa maloto amaluma asanadziwe amene wamugwira. Muzimusiya amalize yekha, kapena muzimuitana muli patali. Aphunzitseni ana kuti galu wogona sagwidwa.

Koma balalo musalichepetse. Litsukeni ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, mutatenga khadi la katemera wa chiwewe la galuyo. Galuyo mumumange ndi kumuyang'anira kwa masiku 10, musamuphe. Akasintha khalidwe, akalephera kumeza kapena akafa, dziwitsani a chipatala ndi alangizi a ziweto nthawi yomweyo.

Kodi agalu amalota chiyani?
*Mnyamata wa Fomu 3, Dedza*

Umboni wabwino unachokera ku makoswe. Mu 2001, Kenway Louie ndi Matthew Wilson a ku yunivesite ya MIT ku America anajambula mmene maselo a mu ubongo wa makoswe ankagwirira ntchito pothamanga m'kanjira kofunira chakudya. Makoswewo atagona n'kulowa mu REM, maselo omwewo anabwereza ndondomeko yomweyo. Ubongo wa galu uli ndi zigawo zomwezo, choncho n'zomveka kuganiza kuti amalota za tsiku lake: nkhuku imene anathamangitsa, mlendo amene anamuuwa pageti, ndi inuyo mukubwera ndi mbale ya mkute.