Zimbale 34, malo 10 okha: kusanja indie rock pakutha pa chaka

Kalata ya sabata ino yachokera kwa wowerenga amene wakhala akumvera indie rock (nyimbo za rock zimene zinayambira m'makampani ang'onoang'ono oima paokha) chaka chonse. Akuti ali ndi zimbale 34 zomwe zamusangalatsa, ndipo akufuna atsale ndi 10 n'kuzisanja kuyambira choyamba mpaka chomaliza, koma akalemba lero, mawa akufufuta. Wafunsanso ngati chimbale chotulutsidwa ndi kampani yaikulu chingalowe nawo, komanso ngati walakwitsa poti mndandanda wake sukufanana ndi wa Pitchfork, magazini ya pa intaneti yolemba za nyimbo.

Anzanga, makutu anu alibe vuto. Chikukusokonezani n'choti mukusanja musanaike malamulo, ndipo mukudalira kukumbukira. Mu Disembala mutu umakumbukira bwino za mu Okutobala, za mu Febuluwale umaziika kumbuyo. Ndigwiritsa ntchito chaka cha 2009 ngati chitsanzo, chifukwa fumbi lake linakhazikika kalekale ndipo zimbale zake ambiri mukuzidziwa.

Yambani ndi tsiku lotulukira, chifukwa apa m'pamene mindandanda yambiri imagwera m'mbuna. Funeral ya Arcade Fire inatuluka ku America mu Seputembala 2004 kudzera ku kampani ya Merge, koma ku Britain kampani ya Rough Trade inaitulutsa mu Febuluwale 2005. Zotsatira zake, chimbale chimodzi chomwecho chili pa mindandanda ya zaka ziwiri. For Emma, Forever Ago ya Bon Iver inachitanso chimodzimodzi: mwini wake Justin Vernon anaitulutsa yekha mu 2007, kampani ya Jagjaguwar n'kudzaitulutsanso mu Febuluwale 2008. Masiku ano zinapepukako, poti kuyambira mu Julayi 2015 zimbale zambiri zimatuluka Lachisanu lomwelo m'mayiko onse. Komabe magulu ang'onoang'ono amayamba kuika chimbale pa Bandcamp, tsamba la pa intaneti lomwe oimba amagulitsirapo nyimbo zawo, kampani n'kudzachitola patapita miyezi. Sankhani lamulo limodzi, lembani pamwamba pa pepala, musalisinthe pofuna kulowetsa chimene mumachikonda. Ine ndimatenga tsiku loyamba limene munthu wamba akanatha kugula kapena kumvera chimbale chonse movomerezeka, kulikonse padziko.

Chaka chanu chiyambire pa 1 Disembala chaka chatha n'kuthera pa 30 Novembala, kapena dikirani mpaka Januwale musanatulutse mndandanda. Magazini ambiri amatulutsa yawo kumayambiriro kwa Disembala, kutanthauza kuti anatseka kuvota mu Novembala. Chimbale chotuluka pa 12 Disembala chimasowa kwawo: chachedwa chaka chino, chakalamba chaka chamawa.

Zotulukanso ndi nyimbo zowonjezera, zojambulidwa pakonsati ndi zosonkhanitsa nyimbo zakale zisiyeni kunja. Zojambulidwanso mwatsopano n'zovutirapo. Twin Fantasy ya Car Seat Headrest inayamba kutuluka pa Bandcamp mu 2011, kenako mwini wake Will Toledo anaijambulanso yonse ndi gulu lake, kampani ya Matador n'kuitulutsa mu 2018. Imeneyo ndingailole, chifukwa zonse mukumvamo zinajambulidwa mwatsopano. Ma EP, timazimbale tatifupi ta nyimbo zochepa, apatseni kamndandanda kawokawo. EP ya boygenius ya 2018 ili ndi nyimbo 6 zokha, ndipo kuilimbanitsa ndi chimbale cha mphindi 50 n'kukondera, chifukwa chachifupi sichipeza mpata wotopetsa munthu. Pitchfork inazemba nkhaniyi mu 2008 poika Sun Giant EP ndi chimbale cha Fleet Foxes pamodzi pa nambala 1. Kumeneko n'kuba pang'ono, musatengere.

Za kampani yaikulu musataye nazo tulo. Mawu oti indie poyamba ankanena za kampani yoima payokha, koma malirewo anafufutika kale. Is This It ya The Strokes inatuluka ku Rough Trade ku Britain, ku America n'kutuluka ku RCA, yomwe ndi yaikulu. Modest Mouse anali ku Epic pamene ankatulutsa Good News for People Who Love Bad News mu 2004. Sub Pop yeniyeniyo, kampani yotchuka ya indie, Warner inagulamo gawo la 49 pa 100 alionse m'ma 1990. Mukati muzitsatira mwini kampani, mukhala mukuwerenga nkhani za malonda m'malo momvera nyimbo. Tsatirani kamvekedwe ndi kumene gululo likuchokera, ndipo pokayikitsa gamulani kamodzi. Chitsanzo cha pafupi ndi kwathu: Warm Heart of Africa ya The Very Best, momwe Esau Mwamwaya akuimba m'Chichewa ndipo Ezra Koenig wa Vampire Weekend akumuthandiza pa nyimbo yamutu, inatuluka mu 2009 ndipo amene ankaikonda kwambiri kunja anali omvera indie omwewo. Koma rock mulibemo, ndi nyimbo zovina zopangidwa ndi makina. Mndandanda wanu ukakhala wa "zimbale za chaka", ilowe. Ukakhala wa indie rock, itchuleni pambali ndi ulemu wake.

Tsopano 34 zija. Musayambe ndi kusanja, yambani ndi kuchotsa. Onani zimene munamveradi, osati zimene mukuganiza kuti munamvera. Ngati muli ndi Last.fm, pulogalamu yosunga mbiri ya nyimbo zimene mwamvera, imawerenga nyimbo mukaimvera theka kapena mphindi 4, chimene chayamba kukwana. Spotify imawerenga pakangotha masekondi 30, ndipo Wrapped yake, lipoti la zimene mwamvera chaka chonse, imatseka kuwerenga Disembala asanafike, choncho ili ndi chilema chomwe chija cha magazini. Manambala amenewa osawameza osatafuna. Chimbale cha nyimbo 18 zazifupi chimaoneka chomveredwa kwambiri kuposa cha nyimbo 7 zazitali, ngakhale mutazimvera mofanana. Gawani ndi chiwerengero cha nyimbo, kenako gawaninso ndi miyezi imene chakhala chili kunja. Tinene kuti cha mu Januwale chili ndi nyimbo 11 ndipo makina akuonetsa 220: ndiye mwachimvera maulendo 20 m'miyezi 11, osakwana 2 pamwezi. Cha mu Okutobala chili ndi nyimbo 9, makina akuonetsa 90: maulendo 10 m'miyezi 2, kutanthauza 5 pamwezi. Pa manambala osagawa cha Januwale chikupambana kutali, mukagawa zinthu zikutembenuka. Koma samalaninso, chatsopano chilichonse chimamveredwa kwambiri m'masabata oyamba, ndiye 5 ameneyo ali ndi kutentha kwa ulendo woyamba. Chimene manambalawa amachita bwino n'kukuululirani zimbale zimene mumazilemekeza pakamwa koma simunabwerereko chiyambire Meyi. Chilichonse chimene simunachimvere chathunthu maulendo atatu chichoke. Mupeza kuti 34 zatsika kufika pa 20 kapena kucheperapo.

Zotsalazo zimvereninso, chimodzi patsiku, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, osadumpha, osasakaniza. Zimbale 20 za mphindi 45 ndi maola 15, masabata atatu akwana. Ngati bandulo ndi yovuta, dziwani kuti chimbale cha mphindi 45 pa 160 kbps chimadya pafupifupi 54 MB, ndiye 20 zidya 1 GB ndi kachidutswa. Zikopereni pafoni kamodzi muli pa Wi-Fi. Zonse zimveredwe pa mahedifoni amodzi omwewo ndi voliyumu imodzi. Khutu limanyengeka, chofuula kwambiri chimamveka ngati chabwino kwambiri, choncho siyani batani lofananiza voliyumu lili loyatsa.

Chifukwa chake ndikukakamira za mahedifoni chimaoneka bwino pa xx, chimbale choyamba cha The xx cha mu Ogasiti 2009. Muli gitala ya Romy Madley Croft yodontha nsambo imodziimodzi, besi ya Oliver Sim, ng'oma za makina za Jamie Smith, ndi mipata yambiri ya zii. Theka la kulemera kwake lili pansi penipeni pa besi. Mukachiika pa sipika ya foni, pansipo pamasowa, mumatsala ndi anthu awiri akunong'onezana m'chipinda chopanda kanthu, ndipo mudzachiika pa nambala 15. Wolfgang Amadeus Phoenix ya Phoenix imamveka bwino ngakhale pa kawailesi ka m'khitchini, chifukwa mphamvu yake ili pakati, m'magitala owala ndi ng'oma zothina. Mukazilimbanitsa pa sipika ya foni, ndiye kuti mwagamula mlandu mbali ina isanalankhule.

Pomvera, khalani ndi pepala ndipo lembani zinthu ziwiri zokha: nyimbo zingati dzanja linafuna kudumpha, ndi mphindi imene maganizo anachoka. Apa m'pamene zimbale zodzaza kutsogolo zimagwidwa. Zambiri zimaika nyimbo zamphamvu pa 1, 2 ndi 3, pofika pa 7 zafooka, chikomekome cha mkuyu. Phoenix anatsegula ndi "Lisztomania" ndi "1901" motsatizana, ndipo funso loyenera ndi loti zikatha ziwirizo chimbale chikuimabe? Kwa ine chikuima, chifukwa "Love Like a Sunset" pakati pake imakhala nthawi yaitali popanda mawu oimba, n'kutsuka khutu gawo lachiwiri lisanayambe, ndipo chonse chimatha mphindi 40 zisanakwane. Veckatimest ya Grizzly Bear ili ndi "Two Weeks" pa nambala 2, koma ndi yaitali kupitirira mphindi 50 ndipo pakati pake imayenda pang'onopang'ono. Ena m'pamene amaikondera, ena m'pamene amagona. Pepala lanu likuuzani mbali imene muli.

Mukatsala ndi 10 kapena 12, zilimbanitseni ziwiriziwiri. Funso likhale limodzi: kutati chimodzi mwa ziwirizi chifufutidwe mufoni mwanga kwa chaka chathunthu, ndisunga chiti? Musafunse kuti chofunika kwambiri m'mbiri ya nyimbo ndi chiti, funso limenelo limakuyankhitsani ndi pakamwa pa anthu ena. Zimbale 10 zimapanga mapeya 45, ntchito ya madzulo amodzi. Zimbale 20 zimapanga 190, n'chifukwa chake munayamba mwachotsa. Werengani kuti chilichonse chapambana kangati. Nthawi zina mupeza kuti choyamba chaposa chachiwiri, chachiwiri chaposa chachitatu, koma chachitatu chaposa choyamba. Simunalakwitse, zitatuzo zili pamlingo umodzi, ndipo kusinthasintha kumene mukudandaula kuja kumachokera apa.

Mankhwala ake anawapeza kale a Pazz & Jop, kuvota kwa olemba za nyimbo komwe Robert Christgau anayambitsa mu nyuzipepala ya Village Voice ku New York mu 1971. Wovota aliyense ankapatsidwa mapointi 100 oti agawire zimbale 10, chimodzi osapitirira 30, osatsika pa 5. Ubwino wake ndi woti nambala ya malo imanama za mtunda. Pa mndandanda wamba, kuchoka pa 1 kufika pa 2 kumaoneka kofanana ndi kuchoka pa 7 kufika pa 8, chonsecho mumtima mwanu choyamba chili kutali ndipo 6, 7 ndi 8 n'zofanana. Ndi mapointi mutha kulemba 20, 15, 12, 10, 10, 8, 8, 7, 5, 5, zonse pamodzi 100. Zofanana zimalandira mofanana, mkangano watha. Muonanso kuti kukonda kuli ndi mtengo: mukapatsa chimodzi 30, zotsala 9 zigawana 70, ndipo poti chilichonse chiyenera kupeza 5, mwatsala ndi 25 zokha zoseweretsa. Ambiri akafika apa amazindikira kuti chimene ankachitcha chimbale cha chaka sangachipatse zoposa 15.

Za Pitchfork tsopano. Mu 2009 iwo anaika Merriweather Post Pavilion ya Animal Collective pa 1, Bitte Orca ya Dirty Projectors pa 2, xx pa 3. Pazz & Jop nayo inaika Animal Collective pamwamba, Phoenix pachiwiri. Mindandanda yotereyi ndi mavoti a anthu ambiri ophatikizidwa, ndipo pophatikiza chimapambana ndi chimene ambiri anachiika penapake, osati chimene munthu mmodzi anachikonda koposa. Wanu ndi wa munthu mmodzi, ulibe chifukwa chofanana nawo. Merriweather inatuluka mu Januwale, Pitchfork n'kuipatsa 9.6, ndipo chaka chonse zimbale zina zinkayezedwa ndi iyo. Ndi chimbale chachikulu, chopangidwa kwambiri ndi masampula, tizidutswa ta mawu ojambulidwa toseweredwa ndi makina, poti woimba gitala wawo Deakin sanali nawo pojambula, koma ine pa mapointi anga ndingachipatse 10, pamodzi ndi Bitte Orca. Ndingapatse xx 20, Phoenix 15, Veckatimest 12. Wina atembenuza zonsezi ndipo sanalakwe. Musawerenge mindandanda ya ena mpaka mapointi anu atalembedwa ndi inki. Mukawerenga pambuyo pake n'kupeza chimbale chimene simunachimve, chiikeni pa pepala lina la zomvera mu Januwale, musachilowetse mothamanga mutachimva kamodzi.

Pansi pa chimbale chilichonse lembani ziganizo ziwiri kapena zitatu, ndipo mutchule chinthu chimene munthu angachipeze ndi khutu lake: nyimbo yakuti, pamene ng'oma zikulowa, pamene mawu awiri akusemphana. Mawu ngati "chokoma" ndi "chozama" sathandiza aliyense. Chimbale chimene mwalephera kuchilembera chiganizo chotere chibwezeni pa mpikisano wa ziwiriziwiri ndi chija chinatsalira pa nambala 11, nthawi zambiri zimasinthana malo. Mukatero lembani deti pansi pa mndandanda, sungani pepala la mapointi, mudzalitsegulenso mu Juni kuti muone kuti mwa 10 zija ndi zingati zikadali mufoni.